Nyimbo Zako Ndinazitulutsa Ndine

Mitundu
12 Novembala 2024

Wokondedwa mwana wanga Jeremiya,

Choyamba ndifune kudziwa za moyo wako ku esiteti ku Kasunguko. Kodi chifuwa chija chinasiya? Kuno tili bwino, kupatula bondo langali limene limalosera mvula kuposa a zanyengo a pa wailesi. Mizere tamaliza, tikungodikira kuti igwe tidzale. Mlongo wako Rute alipo, koma waonda.

Nyimbo ija unaimbira malemu bambo ako yafika ponseponse. M'minibasi za ku Lilongwe ndi yomweyo, kuchigayo ndi yomweyo. Anthu akandiona amati ndalemera, ndiwagawireko za mwana wanga. Ndimangoseka. Sadziwa kuti woimbayo anagulitsa gitala, pano akuthirira nazale ya fodya wa eni ake.

Tsiku lokhazikitsa chimbale chako ku Nathenje lija silindichoka m'mutu. Anthu anadzaza holo, ankaimba nawe mawu onse mpaka kumapeto, koma katoni ya zimbale unabwerera nayo yodzaza. Akanagulanji poti nyimbo anali nazo kale m'mafoni? Iwe unaloza chala mlamu wako Gilibati, poti ndiye anazijambula mu situdiyo yake. Unamunena wakuba pamaso pa anthu. Chiyambire tsiku limenelo makwaya sapondakonso kwa iye, ndipo m'nyumba mwa Rute mulibe mtendere.

Mwana wanga, Gilibati alibe mlandu. Ndine.

Ukukumbuka kuti unandiikira nyimbo zonse m'foni mwanga, n'kundiuza kuti ndisapatse munthu mpaka tsiku lake litafika. Sindinapatse munthu, monga mmene ine ndinkamvera mawuwo. Koma foni yanga ija ndi yosasa mawu, ndipo mtima unkandiyabwa kuti amayi anzanga a Mvano amve zimene mwana wa Nankhoma wachita. Ndinapita kwa bambo wina wa kompyuta pa msika, a Wilson, kuti andiikire mu khadi yolowetsa mu wailesi. Analumikiza kachingwe, sipanapite nthawi yoti tiyi n'kuwira, anandibwezera zonse.

Ndinayang'ana m'foni, nyimbo zinalimo zonse. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Ine ndinakula ndikudziwa kuti mbuzi ikabedwa, m'khola mumachepa. Ndikanadziwa bwanji kuti pali kuba kwina koti katundu wako ali m'manja mwako koma wapita?

Ndinazindikira patapita sabata, nditamva mawu ako akutuluka pa sipika ya a Wilson omwewo. Sindinakuuze. Ndinkaopa nkhope yako. Ndipo tsiku limene unkakwera basi ya ku Kasungu, pamene unandigwira dzanja n'kunena kuti pa anthu onse ndine ndekha amene sindinakubere, ndinangokutsanzika. Ndakhala nawo mawu amenewo miyezi itatu, akundidya.

Lachiwiri lapitali ndinapitakonso. Ndinawauza a Wilson kuti abweze nyimbo za mwana wanga. Anaseka, ati madzi akatayika saoleka, zinafika kale ku Likuni, ku Malingunde, ngakhale ku Joni. Ati nawonso ali ndi ana ofuna kudya, ndipo iwo akaleka, wa benchi yoyandikana nawo apitiriza. Ndinakakamira kuti afufute basi, ndinakweza mawu mpaka ogulitsa tomato anatembenuka. Ndiye anatenga khadi yanga ndi foni yanga, n'kufufuta zonse. Ati zimene angathe ndi zokhazo.

Sindikudziwa kokadandaula, ndipo ndilibe chokubwezera. Ngati ukufuna kukwiya, kwiyira ine, ndine ndinakubala. Koma chonde umuimbire foni Gilibati umupepese, banja la mlongo wako lisathe chifukwa cha kunyada kwa nkhalamba. Ine ndipita ku Nathenje Loweruka kukawauza Rute ndi Gilibati ndekha, ngakhale sindikudziwa kuti ndikayambira pati.

Undiperekere moni kwa atsibweni ako a Pitala amene anakupezera malo kumeneko. Uwauze asakuleke ukuthirira m'mawa wopanda juzi. Ambuye akusunge, akusungirenso mawu akowo.

Ukadzabwera, ngati udzafune kundiona, udzandiimbire pakamwa nyimbo ya bambo ako ija. Mitundu yonse ili nayo kupatula ine. Ndikakusowa ndimakaima kuchigayo, wopanda chimanga, kudikira kuti aiike.

Ndine mayi ako,
Martina Nankhoma