Waya wa m'tayala wandibaya chala

Aphungu,

Mundikhululukire ngati kalatayi ili ndi zolakwika, sukulu ndinalekezera sitandade 7. Ndailemba katatu ndisanaitumize.

Ndine mayi wa zaka 26, ndimakhala kunja kwa Malawi, ku Etobicoke, ndi amuna anga, bambo a Sungeni. Chaka chatha anagula galimoto yamagetsi, ya mtundu wothamanga uja. Ikamanyamuka mutu umachita kugunda kumpando. Pogula ankangoti, "Imeneyi siidya ndalama, mayi a Sungeni. Petulo ayi, oyilo ayi. Kungoitchaja ngati foni, basi."

Loweruka lililonse ndimaitsuka ndekha ndi manja, chifukwa makina otsukira amasiya matope m'mawilo. Ndimagwada, n'kupisa dzanja mpaka kuseri kwa tayala. Sabata yatha ndikupukuta tayala lakumbuyo, china chake chinandibaya chala mpaka magazi kutuluka. Nditaunika ndi foni ndinaona timawaya titatulukira. Mbali yam'kati yasalala ngati chikhatho, pomwe kunja mizere ili bwinobwino ngati latsopano. Ndinayang'ana linzake, nalonso likulowera komweko. Galimoto yoti sinathe n'komwe chaka ndi theka!

Ndinawauza bambowo mwaulemu titatha kudya. Anatuluka, n'kumenya tayala lililonse ndi nsapato, monga ankachitira akuyendetsa minibasi ku Lilongwe. "Mwamva kulira kwake? Ili ndi tayala lamoyo. Umakaniko mwauyamba liti?" Anaseka mpaka kuimbira foni a Edwin, anzawo akutchalitchi, kuwafotokozera. Panopa a Edwin akandiona amati, "Injiniya, mwaswera bwanji?" Ine ndimangoyang'ana pansi, koma m'katimu ndimapsa.

Chandisowetsa mtendere ndi ichi. Chigulireni galimotoyi, ukwati uliwonse wa Amalawi kuno umaifuna, ndipo bambowa satha kukana. Loweruka likubwerali inyamula mkwatibwi, Olivia, mwana wa mkulu wa mpingo wathu, kuchoka ku Mississauga mpaka ku Oshawa pamsewu waukulu wa 401. Maliboni okongoletsera galimotoyi agula kale. Ine andipempha kukhala pambali pa mkwatibwi kuti ndizimugwirira velo.

Kwathu anandilangiza kuti mkazi satsutsa mwamuna pagulu. Nanga ndikhale chete? Ndatopa nako kusekedwa. Kapena wolakwa ndine, matayala a galimoto zamagetsi amakhala choncho?

V.M., Etobicoke

Mayi a Sungeni,

Chala chanu chanena zoona, nsapato ya bambowo yanama. Kumenya tayala kumangokuuza kuti muli mpweya, sikuona zakuseri. Tayala lotulutsa waya ndiye kuti latha, ndipo likhoza kuphulika nthawi ina iliyonse, makamaka pa liwiro.

Galimoto zimenezi n'zolemera chifukwa cha batire, komanso zimanyamuka mwamphamvu, choncho zimadya matayala msanga. Bambowo akamaponda moonetsera anzawo ndiye akuwonjezera moto. Kudyeka mbali imodzi kumasonyeza kuti mawilo sakuloza molunjika, mwina anapotoka pogunda maenje amene chisanu chimasiya m'misewu yathuyi. Petulo sagula, inde, koma ndalamayo imatulukira kumatayala, ndipo a galimoto yothamanga si otchipa.

Musakangane nawo patebulo. Lero lomwe apempheni akuthandizeni kutsuka galimoto, muli awiriwiri, a Edwin kulibe. Mukagwada nawo, muwagwire dzanja n'kuliika pamene munabayidwa paja. Musanene kanthu, waya alankhule yekha. Mwamuna amene wadzionera yekha savuta kupita kugalaja, amakafika kumeneko n'kumati wazindikira ndi iye. Asiyeni atero.

Galimotoyo ichite kunyamulidwa popita kugalajako, asaiyendetse. Akaike matayala atsopano opirira kulemera kwake, osati akaunjika, ndipo amakaniko akaone onse anayi. Akawongolenso mawilo, chimene iwo amati alayimenti, apo ayi atsopanowo adyekanso chimodzimodzi. Zikatha izi, mpweya uziyezedwa mwezi uliwonse, ndipo inu musasiye kupisa dzanja kuseriko.

Bambowo akakanitsitsa, pofika Lachitatu kaoneni mayi ake a Olivia paokha, muwaonetse chithunzi cha tayalalo, kuti komiti ya ukwati ipeze galimoto ina nthawi ikadalipo. Amene anakulangizani kwanu kuja ankanena za ulemu. Sananene kuti muzikhala chete mwana wa eni akukwera pa waya. Bambowo akwiya masiku awiri, mkwiyo umatha.

A Edwin akadzakuitananinso kuti Injiniya, mudzavomere mokweza kuti "Wawa!" n'kuwafunsa pamene aimika yawo, mukaione nayonso.

Koma ndikuchenjezeni: inu, mwana wanu Sungeni, ngakhale bambowo, musakwere galimotoyo, kaya n'kupita pagolosale pomwepo. Ndipo maliboni aja muwasunge inuyo m'chikwama mwanu. Asamangidwe pagalimotoyo mpaka mutagwada, kupisa dzanja, n'kulitulutsa lopanda magazi.