Msewu wa njinga wathera pamlatho, apongozi akufuna ndiuyamikire

Aphungu,

Ndine mnyamata wa zaka 29, ndimakhala ku Kafue Estates, ndipo ntchito yanga ndi ya nsomba. M'mamawa uliwonse ndimapalasa njinga kupita ku Chanyanya, ndimagula milamba ndi nsomba zina kwa asodzi, ndimamanga madengu awiri pakaliyala, kenako ndimabwerera kudzagulitsa mutauni. Mayina a anthu m'kalatayi ndasintha, koma nkhaniyo ili mmene inachitikira.

Panjira yathu, mukatsala pang'ono kulowa mutauni, pali kamlatho kopapatiza kodutsa pakhwawa. Mathiraki awiri akakumana pamenepo amapatsana moni ndi magalasi. Chaka chino tinamva kuti atikonzera msewu wathuwathu wa njinga, ndipo tinasangalala. Anaukonzadi. Ndi wokongola, Aphungu, sindinama: penti wobiriwira, mzere woyera, ndi chithunzi cha njinga pamasitepe makumi awiri alionse, kuopa kuti tingaiwale chimene takwera. Vuto ndi limodzi. Msewuwo umathera pamene mlatho ukuyambira, n'kukayambiranso kutsidya. Pakati palibe chilichonse. Anzanga amati mwina injiniya wa ku Lusaka anamva kuti ife a nsomba timauluka ngati ndeke.

Pothera pentiyo anaika chikwangwani chakuti okwera njinga atsike. Ndinayesa kumvera. Ndikatsika, ine mbali ino, njinga pakati, madengu uku ndi uku, ndimatambalala kuposa ngolo ya ng'ombe, ndipo pamlathopo palibe poyenda anthu apansi. Choyipa kwambiri n'chakuti kale madalaivala ankadziwa kuti tili nawo pamsewu wonse. Manje amadziwa kuti tili ndi kwathu kobiriwira, ndiye tikatulukira pamlatho amadabwa ngati aona mbuzi mutchalitchi.

Tinapita anthu asanu kumaofesi a boma kukadandaula. Ofesi yoyamba inati msewu ndi wawo koma mlatho ndi wa ena. Enawo anati mlatho ndi wawodi koma njinga si zawo. Tinabwerako titauzidwa kuti tilembe kalata, popanda wotiuza woilembera.

Mwezi watha mnzanga Chindikani, yemwe timapita naye limodzi ku Chanyanya, anali patsogolo panga. Atalowa pamlatho, thiraki yonyamula simenti inalowa naye. Mutu wa thirakiyo unadutsa bwino, koma chingolo cha kumbuyo chinakola dengu. Ndinamuona akumenyetseka pachitsulo cha m'mbali, njinga ikulowa pansi pa tayala. Anathyoka mwendo ndi fupa la paphewa. Dalaivala anaima, akungobwereza kuti sanamuone. Pano Chindikani ali pakhomo ndi pulasitala mpaka m'ntchafu. Mkazi wake Fines ndiye akupita kumtsinje pabasi kukagula nsomba, ana atatu akudikira.

Tsopano imvani chimene chandilembetsa. Ndili ndi chibwenzi, Towela, ndipo tikufuna kukwatirana. Akwathu adzapita kwawo kukakamba za ukwati kumapeto kwa mwezi uno. Atate ake a Towela, Ba Ferdinand, ndiwo wapampando wa komiti ya m'dera lathu yomwe inapempha msewu wa njingawu. Anauyendera zaka zitatu, makalata, misonkhano, nsapato mpaka kutha. Amaunyadira kuposa mmene amanyadira ana awo. Iwo njinga anakwera komaliza Towela asanabadwe.

Loweruka la sabata yamawa kuli mwambo wotsegulira msewuwo, ngakhale takhala tikuyendapo miyezi inayi. Kudzakhala tenti, riboni, kwaya, ndi akuluakulu ochokera ku Lusaka omwe adzakwere njinga zobwereka kuchokera poyambira mpaka patenti. Tentiyo adzaimika ndendende pomwe penti wathera, kuti mlatho usasokoneze zithunzi. Mathiraki adzaimitsidwa kwa ola limodzi.

Lamulungu lapitali Ba Ferdinand anandiitana kunyumba kwawo, koyamba kundiitana iwo eni. Ndinavala jekete, ndinakhala pamphepete pa mpando. Anandiuza kuti komiti ikufuna wokwera njinga weniweni adzalankhule m'malo mwa anzake, ndipo iwo asankha ine popeza ndine wa m'nyumba kale. Mawu amenewa anandikoma, sindibisa. Kenako anandipatsa pepala lolembalemba kale. Muli kuyamikira komiti kasanu, ndi chiganizo chakuti chiukonzereni msewuwu palibe wokwera njinga amene wavulalapo.

Ndinayang'ana pansi n'kutchula za Chindikani mofatsa. Sanakwiye. Anandiyankha ngati mphunzitsi wokonda mwana wosamva msanga:

"Mwana wanga, mnzakoyo anagwera pamlatho. Msewu wathu sufika pamlatho. Ndiye kuti pamsewu wathu sanagwepo munthu."

Anawonjezera kuti mlathowo uli m'gawo lachiwiri la ntchito. Nditafunsa kuti gawo lachiwirilo liyamba liti, anati likudikira lipoti losonyeza kuti gawo loyamba layenda bwino, ndipo mawu anga adzalowa m'lipotilo. Nshima inabwera, ndinadya, pepala lili m'thumba.

Nditauza Towela, analira. Akuti atate ake akanyozeka pamaso pa akuluakulu, akwathu asavutike n'kubwera komwe. "Ungowerenga chabe, ndi mphindi zitatu," anatero. "Zoona udzakamba tikakwatirana." Dzulo ndinapita kukaona Chindikani. Fines anali atamva kale kumsika kuti wodzalankhula ndine. Anandiperekeza mpaka pageti n'kunena kuti, "Ba mulamu, mukakanena kuti palibe wovulala, mudzadutse kuno mudzamuuze mwini mwendo."

Aphungu, Towela ndimamukonda, ndipo Ba Ferdinand si munthu woyipa. Koma pamlathopo ndimadutsa kawiri patsiku. Ndiwerenge pepalalo, ndiling'ambe pamaso pa anthu, kapena ndingodwala malungo Lachisanu?

D.M., Kafue

Ba D.M.,

Malungo asiyeni. Loweruka lomwelo wina adzakuonani ku Chanyanya mukunenerera mtengo wa milamba, ndipo mudzataya apongozi ndi ulemu tsiku limodzi.

Pepalalo musaliwerenge mmene lilili. Chiganizo chija n'choona ngati kunena kuti palibe amene anamirapo m'bwato, popeza onse anamira atagwera kunja kwake. Ndipo taonani komwe chikupita. Mukanena inuyo, wokwera njinga weniweni, kuti zonse zili bwino, munthu wa muofesi adzawerenga lipotilo n'kufunsa kuti gawo lachiwiri n'lachiyaninso ngati loyamba lathetsa mavuto. Mudzakhala mwasainira mlatho womwewo zaka zina khumi, ndi pakamwa panu.

Kung'amba pepala patenti nakonso ndikukana. Anthu adzaomba m'manja, kanema wanu adzayenda m'mafoni masiku atatu, koma mlatho sudzakula ngakhale ndi chala chimodzi. Munthu wamkulu akachititsidwa manyazi pagulu amateteza cholakwa chake mpaka kumanda. Ba Ferdinand anatha zaka zitatu akumenyera nkhondo anthu a njinga pomwe iwo sakwera. Munthu wotero mumusunge kumbali yanu.

Masiku ndi ochepa, yambani lero. Pitani kwa a shibukombe anu, omwe akukuyenderani za ukwatiwo, muwauze zonse, apite nanu kwa Ba Ferdinand. Mkamwini sauza apongozi kuti alakwa, amawapempha kuti amuthandize. Apempheni kuti, popeza mukufuna kudzalankhula bwino, akuperekezeni pamsewuwo m'mamawa, nthawi imene mathiraki amachuluka, njinga itamangidwa madengu ake onse. Mukafika pachikwangwani tsikani monga chikulamulira, muime pabwino, muwafunse mwaulemu kuti kuchokera pano munthu alowere kuti. Pamlathopo musawalowetse, sitikufuna pulasitala wachiwiri. Mphepo ya thiraki imodzi ikawagwedeza jekete idzanena zimene inu simungathe kunena. Pochoka pamenepo mukadutse nawo kwa Chindikani. Ngozi ya papepala munthu amaisuntha ndi cholembera, koma ya mwamuna ali chigonere ana akumuyang'ana sangaisunthe.

Mukatero apatseni potulukira. Mawuwo mukonze limodzi. Kuyamika kukhalemo, kawiri kukwana, chifukwa msewuwo ndi ntchito yeniyeni ndipo anaivutikira. Chiganizo chabodza chichoke. M'malo mwake mulowe dzina la Chindikani, ngati mwini wake wavomera, ndi pempho lomveka: mahampu ochepetsa liwiro la magalimoto mbali zonse ziwiri za mlatho, chikwangwani chochenjeza madalaivala osati chongolamula inu, ndi kanjira ka anthu ndi njinga pambali pa mlathowo. Mahampu ndi chikwangwani sizifunika kudikira gawo lachiwiri. Lembani mayina a onse odutsa pamenepo, a nsomba, a makala, azimayi a kumsika, muphatikize lipoti la apolisi la ngozi ija. Wokapereka mapepalawo m'manja mwa akuluakulu akhale Ba Ferdinand eni ake. Alendowo abwerera zithunzi, ndiye ajambulidwe akulandira.

Towela akuopa, ndipo mantha ake ndi omveka, chifukwa waima pakati pa amuna awiri omwe amawakonda. Koma mumuuze mwachikondi kuti zoona zimene zimadikira ukwati, ukwati ukachitika zimadikira mwana abadwe, kenako zimadikira apongozi apume pa komiti. Mutengeni akacheze ndi Fines, inu mukhale panja. Akazi awiriwo akamvana, ine ndi inu ntchito yatithera.

Ba Ferdinand akakana zonsezi, bwezani pepalalo ndi manja awiri Lachisanu lisanafike. Muwauze kuti simungathe kuwerenga mawu amenewo mnzanu asanadzuke, asankhe wina. Angakwiye, ndipo zokambirana zingasunthe ndi mwezi kapena iwiri. Zimenezo muzilandire. Ndayankha makalata ambiri a zaukwati, koma sindinamvepo bambo wanzeru akukaniratu mkamwini chifukwa chakuti sanama.

Pakadali pano mlatho uli pomwepo. Muziwoloka m'gulu, muzidikirana. Thiraki ikakhala pafupi kumbuyo imani idutse yonse, mpaka tayala lomaliza. Valani chovala chonyezimira ngakhale anzanu aseke kuti mwalowa upolisi, ndipo madengu muzimanga chosanjikiza, osati chotambalala.

Ndikuchenjezeni chimodzi. Masiku ano mutu wanu wadzaza apongozi, Towela ndi zokalankhula. Zonsezo muzizitula mukatsala pang'ono kufika pamlatho, muzikazisenzanso kutsidya. Munthu amene akuyeseza mawu a Loweruka ali pachishalo samva hutala, ndipo ine ndikufuna Towela adzakwatiwe ndi mwamuna wofika paukwati ndi miyendo yake iwiri.

Aphungu