Ngalande ya a Nobert yandiphera maluwa

Aphungu,

Ndine nkhalamba ya zaka 74. Ndinabadwira ku Dedza koma ndinabwera kuno kudziko la eni ndili kumsana kwa mayi anga, ndipo ndakulira pa purazi ya fodya kufupi ndi Mvurwi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, choncho mundikhululukire kalembedwe. Zaka 26 ndinagwira ntchito ya m'galadeni kunyumba ya mzungu. Iye atachoka mu 2002, anzanga anatola uyu mpando, uyu chitseko. Ine ndinadula timitengo ta maluwa n'kudzabzala kuseri kwa nyumba yanga kukomboni.

Ndinasankha amene amachita maluwa nyengo yachisanu: poinsetiya wofiira uja, bogenivila, ndi gavakava wa m'mapiri, wa masamba onenepa aminga, amene amatulutsa ngayaye yofiira ngati moto. Mu Juni ndi Julaye, dziko lonse litauma gwa, kwanga kokha ndiye kumakhala mtundu. Kukomboni kwathu nkhalamba zimafa kwambiri nthawi yozizira, ndipo amayi amabwera kudzathyola maluwa olukira nkhata za kumanda. Sindinakanizepo munthu. Ife kuno tilibe munda, tilibe mudzi, ena alibe ndi chitupa chomwe, koma palibe amene tinamuika m'manda popanda duwa.

Mu Febuluwale kunagwa mvula masiku asanu osakata. Madzi ochokera m'munda wa fodya anayamba kulowa m'nyumba ya a Nobert, aneba anga a ku Tete amene amakhala chakumtunda. Iwo anatenga khasu n'kukumba ngalande. Nyumba yawo inapulumuka, koma madzi onse anatsetserekera m'galadeni mwanga, n'kukhalamo masiku anayi, olekeza m'mawondo. Ataphwa anasiya matope okhaokha pamwamba. Nditawafunsa anati, "Sekuru," ndiko kuti agogo, "khoma linali litayamba kufewa, m'nyumbamo muli zidzukulu. Sindinaone kumene madzi akulowera." Ine ndinati, "Madzi sakwera phiri, a Nobert. Munadziwa." Kuchokera tsiku limenelo sindiwapatsa moni.

Ndachita zonse zimene adona a kunyumba ya mzungu ija anandiphunzitsa. Ndimathirira kawiri pa tsiku, sikisi m'mawa ndi folo madzulo, osaphonya. Ndathira feteleza wa AN amene ndinapatsidwa nditagwira ganyu, kuno timati maricho, dzanja lodzaza pa tsinde lililonse, kawiri konse. Koma masamba akungochita chikasu n'kumayoyoka. Gavakava wafewa kunsi ndipo akununkha. Nthawi zina ndimaganiza kuti mwina munthuyu amandithirira mchere ndikachokapo, chifukwa ine ntchitoyi ndimaidziwa.

Lamlungu lapitali a Nobert anabwera, chipewa chili m'manja. Akazi awo, mai Emilia, anamwalira chaka chatha, ndipo akufuna kuika chiliza mu Ogasiti, pa tchuthi cha Magamba pamene abale amapuma ntchito. Anati, "Sekuru, Emilia ankakonda ofiira aja. Ngati ena achira, mudzatigawireko." Ndinawauza kuti akapemphe ku ngalande yawo. Anavala chipewa n'kumapita.

Chikundivuta n'chakuti mai Emilia ndi amene ankaluka nkhatazo. Ya pamanda pa akazi anga analuka ndi iwowo. Koma Aphungu, anthu atilanda zambiri m'dziko muno popanda ndi mmodzi yemwe wonena pepani, ndipo ine ndatopa kukhala woyamba kumwetulira. Kodi maluwawa angachire Ogasiti asanafike? Nanga akachira, ndipatse munthu amene sanapepese?

D.K.B., Mvurwi

Bambo D.K.B.,

Ndiyambe ndi mawu amene simuwakonda. Palibe amene akuthira mchere. Ngalande inavulaza maluwa anu mu Febuluwale, koma amene akuwamaliza lero ndinu ndi ndowa yanuyo. Mizu imafuna mpweya. Yanu inamira masiku anayi, matope n'kuitseka pamwamba, ndiye inu mukuiwonjezera madzi kawiri pa tsiku. Feteleza pa mizu yovunda amangowotcha. Malamulo a adona anali a kapinga ndi timaluwa tanthete ta m'mabedi. Mitengo munasankhayi ndi yopirira ludzu.

Lekani kuthirira lero lomwe. Muzipisa chala chonse m'dothi, ndipo muzithirira pokhapokha chikatuluka chouma. Palani matope aja kuzungulira tsinde lililonse, mutakase pamwamba pang'onopang'ono osafika ku mizu. AN wotsalayo musungire chimanga. Kandani khungwa ndi chikhadabo: pobiriwira pali moyo, pakuda dulani. Gavakava mumuzule, mudule ponse pofewa, mupake phulusa pa bala, agone pamthunzi sabata imodzi, kenako mumubzale pa kachulu ka mchenga ndi miyala. Poinsetiya mwina chaka chino akukhumudwitsani, ndiponso pofika Ogasiti amakhala atayamba kale kutha. Mtima wanu ukhale pa bogenivila. Ameneyo akamva ludzu m'pamene amachita maluwa ambiri.

Tsopano za a Nobert. Munthu wopulumutsa zidzukulu sayang'ana kumunsi, koma mvula itakata anayenera kutsika kudzaona zimene madzi achita kwanu. Pamenepo analakwa, ndipo muwauze maso ndi maso, kamodzi, m'malo mowamana moni. Koma taganizani. Bambo amene mwamumana moni miyezi itatu sangabwere pakhomo panu atavula chipewa chifukwa cha maluwa okha. Amuna ena kupepesa kwawo kumathera pomwepo. Ndiponso amene anakulandani zambiri zija si iwowa. Iwo ali kukomboni komweko, opanda munda ngati inu.

Mvula ibweranso mu Novembala, ndipo ngalande ija ikadaloza kwanu. Msana wa zaka 74 sungaikhotetse. Apempheni abwere ndi khasu lomwe lija, aipatutsire kumene kulibe nyumba ya munthu, akuthandizeninso kupala matope. Akabwera, musafunenso mawu ena.

Samalani kuti utomoni wa poinsetiya usakugwereni m'maso, ndipo muzisamba m'manja ndi sopo mukagwira matopewo, popeza madzi osefukira amadutsa ndi m'zimbudzi momwe.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili: musadikire kuona ngati maluwa achira kuti muwayankhe. Pitani sabata ino mukawauze kuti chimene chidzaphuke n'cha mai Emilia, ngakhale itakhala nthambi imodzi. Mukazengereza, adzakagula a pulasitiki ku Mvurwi, ndipo inu mudzaima pamandapo mukuwayang'ana, bogenivila ali psuu kuseri kwa nyumba yanu.

Aphungu