Makapu Oumbidwa ndi Dzanja Lamanzere

Lolemba, 14 Julayi

Chisanu. Nkhungu mpaka teni koloko, phiri osaoneka.

Kalata ija ndakapereka kwa a Benedict, apampando a kopaletivu yathu ya alimi. Asaina anthu 38. Ndalemba ndekha, zaka zonse zija za uphunzitsi sizinapite pachabe. Mfundo imodzi: aluso aja achoke m'nyumba zinayi za kopaletivu. Oumba mbiya, osema ziboliboli, wina wojambula. Lendi ngati ya khola la nkhuku, sola padenga, thanki ya madzi a mvula, pomwe mwana wanga Jacqueline, namwino wathunthu, akugona m'kachipinda kodontha ku Linthipe. Osemawo go! go! go! tsiku lonse. Utsi wa uvuni pa zovala zanga.

Ndinawawerengera amuna anga, a Gerevazio, ndisanakapereke. Angondiyang'ana. Chiwagwireni sitiroko zaka ziwiri zapitazo, mawu awo ndi "eya" ndi "ayi" basi. Lero ngakhale amenewo sanatuluke.

Lachitatu, 16 Julayi



Kabichi watha msanga ku msika wa Bembeke, ndabwerako leveni isanakwane. Mpando pakhonde, a Gerevazio palibe. Ndodo palibe. Kuchimbudzi, kudimba. Ndasuzumira ndi m'chitsime momwe, Mulungu andikhululukire. Kenako kuseka. Kuseka kwawo, komwe ndinakumva komaliza asanadwale. Kukuchokera ku nyumba zomwe zija.

Ali pa benchi, dongo mpaka m'zigongono. Dzanja lamanzere likuumba, lakumanja lakufalo aligoneka pamwamba kuti lipsinje dongo. Tikondwe, mtsikana woumba mbiya, wagwada: "Pepani amayi. Amabwera Lachitatu lililonse mukapita ku msika. Uno ndi mwezi wachitatu."

Munthu amene ndimawagwira m'khwapa popita kubafa! Mtunda wonsewo okha.

Lachinayi, 17 Julayi

Dzulo sindinawayankhule. Manyazi kapena mkwiyo, kaya.

Masana ndapitako ndekha, ati ndikafunse amene anawanyengerera. Palibe. Anafika okha, tsiku loyamba anangokhala n'kumaonerera. Pa shelefu makapu awo ali ndandanda. Oyamba opindika ngati zipewa zakale, omaliza owongoka bwinobwino. Pansi pa iliyonse chilembo G. Ine ndinkati kulemba kunathera kuchipatala.

Ndiye azimayi! Asanu ndi mmodzi mu shedi, akuumba mbaula zosatha nkhuni zokagulitsa ku Mayani. Atatu mwa iwo anasaina kalata yanga. Mmodzi wabisa nkhope m'chitenje: "Tinaopa kukukanirani, aphunzitsi." Kundiopa ine?

Mafoni a mudzi wonse ali pa sola. Okalamba olephera kutsetserekera kumtsinje amatunga pa thanki. Tikondwe akuti ku Dedza boma ankachita lendi pogona pena, pogwirira ntchito pena, mpaka analeka kuumba. Pano amagona pafupi ndi uvuni wake, n'chifukwa chake amapeza mpata wophunzitsa anthu ulere.

Chaka chathunthu, nyumbazo ndikuziona pawindo langa. Osadziwa kanthu.

Lamulungu, 20 Julayi

Potuluka ku Misa, a Benedict akumwetulira: "Zatheka, aphunzitsi. Komiti yavomera. Achoka kumapeto kwa Ogasiti."

Komiti imene inatha chaka kukambirana za chitseko cha nkhokwe! Masiku asanu ndi limodzi basi.

Nyumbazo atenga wamalonda wina, azisungiramo matumba a kachewere. Matumba. Osati namwino, osati munthu aliyense.

Ndawauza a Gerevazio ndekha, asamve kwa ena. Atembenukira kukhoma.

Lachitatu, 23 Julayi

Ku msika sindinapite, kabichi akufota m'dengu. Ndati a Gerevazio, tiyeni ndikuperekezeni kwa Tikondwe. "Ayi." Phala labwerera momwe linapitira, tsiku lachitatu lino. Masaya ayamba kulowa.

Tikondwe akukulunga mbiya m'manyuzi. Kwawo kulibe uvuni, akuti akafuna ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe. Manja amenewo akatsuke mbale za eni! Wandipatsa mpando, wandifunsa za odwala. Sanandinene ndi liwu limodzi lomwe. Bola akanandinena.

Lachisanu, 25 Julayi

Kwa a Benedict m'mamawa. Akuti chigamulo cha komiti angachisinthe ndi mamembala onse, pa msonkhano wa mawa. "Koma munalemba ndinu, aphunzitsi. Mukaime pamaso pa anthu, mukadzitsutse nokha."

Ndayenda makomo khumi ndi limodzi. Ena avomera. Ena akuti wamalondayo alipira bwino, tigulire feteleza. Bambo wina wandiseka mpaka kutsokomola. Ndinamuphunzitsa a e i o u ameneyo.

Chibadwire sindinapepesepo pagulu. Zokayankhula ndalemba katatu, kung'amba katatu. Ndakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwauza a Gerevazio zonse, kumsana kwawo. Kaya amamva.

Loweruka, 26 Julayi, m'mawa

Ndatuluka kubafa, ndawapeza ataima pakhomo. Jekete lakuda, mabatani osemphana. Avala okha. Nsapato zingwe zili lendelende.

Ndati mukupita kuti kuzizira konseku. Milomo yagwedera nthawi yaitali, khosi mitsempha tololo. Kenako: "Ndi... kanena... ine."

Ndakhala pansi pasimenti, thaulo lili m'mutu. Akanena bwanji pamaso pa anthu zana? Mawu akakawakanika? Akakawaseka? Ndati dikirani ndivale, ndikumangeni nsapatozo.

Sanadikire. Ndikuwaona pawindo, adutsa kale mtengo wa mapichesi, ndodo patsogolo, mwendo ukukokeka, ndipo ine mpango wanga sindikuuona.