Ndandanda wa Makolo a Kimberly

Kabwata, Lusaka
14 Julayi 2024

Okondedwa akulu anga Ba Helen,

Muli shani ku Mangalandeko? Miyendo ija inasiya kutupa? Ndikhulupirira kuti nkhalamba zomwe mumasamalira sizikukutopetsani kwambiri. Ife kuno tilipo, kungoti kukuzizira ndipo malaiti akumathima tsiku lonse. Kalatayi ndapatsira Mwenya wa kutchalitchi kwathu, akukwera ndege Lachinayi. Sindinafune kuimba foni chifukwa ndikanangolira.

Mukukumbukira chithunzi munanditumizira chija? Cha dona wamakedzana wosemedwa pamwala m'tchalitchi cha kwanuko, manja ali pachifuwa, kagalu kali kumapazi. Pakhoma panali ndandanda wa makolo ake ndi zidzukulu zake, mibadwo makumi awiri. Munati donayo anafa zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo koma agogo ake akudziwikabe, nanga ife? Munandituma kuti ndilembe wathu ndi wa kwa mkwati Bruce, tiusindikize waukulu, tikaupachike muholo ku Woodlands pa ukwati wa mwana wanu Kimberly. Ndinakusekani kuti chizungu chakulowani mutakula. Ndikanadziwa ndikanakana.

Ndinayambira kuchimuna. Amayi ake a Bruce, Ba Lukonde, ndinawapeza kumsika wa Soweto akugulitsa tomato wawo, padzanja pali chipsera chakale cha moto. Za bambo awo anandilongosolera bwinobwino mpaka agogo a agogo. Nditafunsa za amayi awo, anati sanawaonepo. Anangomva kuti anali mtsikana wapasukulu wa ku Mansa, dzina lake Chibesa, wa mukowa wa Bowa, ndiwo mtundu wa kuchikazi, ndipo anawasiya kwa azakhali ali ndi miyezi isanu ndi itatu.

Ba Helen, dzina la Amayi limenelo, mtundu wathu womwewo. Ndinadzilimbitsa mtima kuti a Chibesa ku Luapula ndi ambiri.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku Chelstone. Amayi ndinawapeza akuwothera dzuwa pakhonde. Ndinawapempha kuti anditchulire ana awo onse ndilembe. Anatchula inu, malemu Dunstan, kenako ine. Ndinafunsa ngati panalibe wina inu musanabadwe.

Kenako anati, "Wayenda ku Soweto, ai? Ninamuziba siku yamene banabwela kufunsila Kimberly, pamene ananipasa kwanja. Chibala chija cha pa kwanja ni cha mbaula yanga. Ninali mwana ine, sininazibe kusunga mwana."

Ndinawafunsa chifukwa chake akhala chete miyezi isanu yonseyi, ife tikuthamangathamanga ndi zaukwati. Anati akhala chete zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, pakamwa panazolowera. Ngakhale Atate analowa m'manda osadziwa. Amayi anati ankapemphera kuti Mulungu awatenge tsiku la ukwatilo lisanafike. Sindikubisirani, ndinakwiya, ndinachoka osatsanzika. Nditafika pasiteji m'pamene chisoni chinandigwira, koma sindinabwerere.

Ndiye onani pomwe tili. Ba Lukonde ndi mkulu wathu, mimba imodzi ndi ife. Bruce ndi mwana wa mkulu, Kimberly ndi mwana wa mng'ono. Akanakhala asuweni, mwina akuluakulu akanapeza pothawira. Koma awa ndi munthu ndi mlongo wake, ndipo palibe m'busa kapena nkhoswe amene angawongole zimenezi.

Cholakwa ndi chathu tonse. Kale akuchimuna asanakhale n'komwe pansi, funso loyamba linali la mtundu wa kuchikazi. Ife a mu Lusaka tinafunsa tchalitchi chomwe mnyamata amapemphera, ntchito yake ku Industrial Area, ndi dzina la bambo ake. Titamva kuti ndi Mulubwa, ife a Chipasha, tinaomba m'manja. Chithunzi cha dona wanu ndachiyang'ananso. Amuna alembedwa m'zilembo zazikulu, akazi ambiri angoti mkazi wa uje. Ifenso tinawerenga choncho, kuiwala kuti kwathu munthu amatsata mimba yomwe anatulukamo.

Kwatsala milungu itatu. Makadi tinagawa, diresi lili pa hang'ala kuchipinda kwanga. Ndipo pali china chomwe Kimberly anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni mpaka ukwati utatha. Ali ndi pakati pa miyezi itatu.

Mwanayu munandisiyira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndamulera, ndamulanga, ndagona naye m'chipatala, koma ichi chokha chandikulira. Ndikuopa zomwe angadzichite akamva ndili ndekha. Chonde musadikire tikiti ya sabata ya ukwati ija. Bwerani tsopano, timuuze tili awiri, kenako tikawatenge Amayi apite ku Soweto akanene okha ndi pakamwa pawo.

Ndandanda ndinaumaliza. Uli pansi pa matiresi, mizere iwiri yakumana pa dzina limodzi. Kimberly akandifunsa ndimangoti osindikiza alibe malaiti.

Mulungu akusungeni ndipo akutsegulireni njira. Mundiperekere moni kwa alamu anga Ba Gerald, koma musawauze kaye. Ba Lukonde nawonso anati ndikupatseni moni. Anandininkha tomato wodzaza pulasitiki, akuti akufunitsitsa kukuonani, poti kuyambira mwezi wamawa inu ndi iwo mudzakhala ngati munthu ndi mng'ono wake.

Ndine mng'ono wanu,
Eness