Nsomba Zobwela pa Lole

Okondedwa alongo anga,

Muli bwanji ku Wankie pamodzi ndi alamu? Kuno ku Kaumbwe tilipo, koma mwana wanu Tisa anatupanso miyendo, namakana chakudya. Ine tulo tinandithawa.

Mukumbuka dziwe lija Boma linatikumbitsa chaka chatha? Anatibweletsela nsomba zazing'ono zamoyo m'migolo, pa lole! Ndinafunsa mlangizi, "Bambo, zidzadya chiani?" Anaseka nati, "Gaga, monga nkhuku zanu." Sindinakhulupilile, komabe ndinkathila gaga m'mawa uliwonse.

Dzulo tinakoka ukonde wa Boma. Alongo, madzi anachita kuwila! Nsomba zija zakula ngati chikhatho changa. Ndinam'chotsela Tisa minga yonse mosamala. Anadya, napempha ina.

Ukondewo aubweza ku Petauke. Chonde tumizani mbedza msanga, pakuti m'mudzi muno palibe anakhalapo nayo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Yotamu