Galimoto Inali pa Miyala

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ndine Matiya wanu. Kuno tilipo. Chibwerereni kumanda ndakhala ndikufuna kukulemberani, koma ndikagwira pensulo sindidziwa poyambira. Lero ndiye ndakhala pansi, chifukwa nkhani ndili nayoyi singadikirenso.

Ndiyambe ndi zakumudzi. Chimanga cha m'munda wanu sichinachite bwino, mvula inadula chitangoyamba kumasula. Chinangwa ndiye chatipulumutsa. Usipa wagwidwa wambiri chaka chino, moti amalume a Yohana asowa poyanika, wina ali padenga la khitchini. Makina anu osokera ali ndi mlongo wanga Agnesi. Akusoka pakhonde lomwe lija la sitolo, ngakhale mzere wake ukadakhota ndipo azimayi pomupatsa nsalu amayamba ausa moyo. Akuti akaponda makinawo amamva ngati mwaima kumbuyo kwake, ndiye amawongola msana.

Ine ndikadali pantchito yomwe ija, yoyendetsa pikapu ya chipatala cha mishoni kuno ku Lungwena. Mvula itatha, ndinayamba kumva kaphokoso kutsogolo kwa galimotoyo, tswii, tswii. Poyamba kankamveka m'mawa mokha, ndikaponda buleki kawiri katatu n'kutha. Ndinati ndi dzimbiri la mame, sindinadandaule. Patapita masabata awiri kanayamba kumveka ndi masana omwe, nthawi iliyonse ndikaponda. Ansembe anati ndithirepo mafuta. Ndinaseka chamumtima, chifukwa mafuta pa buleki ndi imfa, komanso chifukwa ndinakumbukira inu. Makina akayamba kudandaula munkandiletsa kuthamangira botolo. Munkati, "Matiya, takhala chete. Usathire kanthu usanamve pomwe pakulira." Mukatero munkaweramitsa mutu, khutu pafupi ndi singano, n'kumazunguza gudumu pang'onopang'ono ndi dzanja.

Inenso ndinachita chomwecho. Ndinapita nayo pamsewu wowongoka wa kusukulu uja, mawindo otsegula, n'kumayenda pang'onopang'ono. Ndikasiya buleki, zii. Apo ndinadziwa kuti si mwala wolowa pakati pa zitsulo, chifukwa mwala umalira ngakhale usanaponde. Ndikaponda, kulirako kunkachokera kumanzere. Nditaima ndinagwira matayala: la kumanja linali lofunda chabe, la kumanzere lotentha loti n'kuwotcha chikhatho.

Ndinakaitana Che Saidi, mkulu uja amakonza injini za maboti pafupi ndi mzikiti, amene munkamusokera mikanjo. Tinaikweza pa jeke n'kuchotsa tayala. Amayi, inu simunaonepo mkati mwa buleki, ndiye ndikufotokozereni. Kuseri kwa tayala kuli chitsulo chonga mbale, ndipo uku ndi uku kuli mapadi awiri amene amaifinya munthu ukaponda, monga munkagwirira gudumu la makina ndi chikhatho kuti liime. Padi ya mkati inali itatheratu, kwatsala chitsulo chokhachokha chikukwecha mbale ija. Mchenga wa m'mitsinje yomwe ndimawoloka unalowa n'kugwiritsa pisitoni yomwe imakankha padiyo. Kapaipi kobweretsa mafuta a buleki nakonso kanali kong'aluka, konyowa.

Che Saidi anakagwira ndi chala, n'kununkhiza. Anati, "Che Matiya, iyi isayende. Tsiku lina mudzaponda, phazi lidzafika pansi."

Ansembe anaimba lamya ku Limbe kuitanitsa zipangizo, anawauza kuti tidikire sabata. Ife tinachotsa matayala onse akutsogolo, galimoto n'kuikhazika pa miyala pansi pa mtengo wa mango.

Lachiwiri lake kunabwera a Mbwana, tcheyamani wa chipani, ali ndi amuna awiri a malaya ofiira. Ansembe kunalibe, anali atapita kukaona wodwala. Ku Namwera kunali msonkhano waukulu, ndipo ankafuna galimoto itenge azimayi okavina.

Ndinati, "Yafa, bwana."

"Sabata yatha ndinaiona ikuyenda."

"Kuyenda imayenda, koma siima."

"Ndiye ukukana?"

Mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo kuno, amayi. Mukuwakumbukira aphunzitsi aja anatengedwa ali m'kalasi. Mpaka lero sanabwere. Ndinaganiza za mkazi wanga Esita, amene anali ndi pakati potopa. Inu simunadziwe, munapita asanauze ngakhale ine. Koma ndinaganizanso za phiri la Chowe, zokhotakhota zija potsika, azimayi atadzaza kumbuyo ataimirira, akuimba. Ndinatola padi yakutha ija n'kuiika m'manja mwawo.

Ndinati, "Bwana, ichi ndiye chimaimitsa galimoto. Chikakhala chatsopano chimakhuthala ngati chala changachi. Amene amatsogolera nyimbo ndi akazi anu. Mukandilamula ndibwezeretsa matayala, ndipita. Kukwera tikakwera. Potsika ndiye sindikulonjeza."

Anaitembenuzatembenuza nthawi yaitali, kenako anaiponya pamchenga. Anati, "Mawa ubwere ku ofesi ndi kadi yako ya chipani."

Ndinapita, nditamuuza Agnesi komwe ndimasunga makiyi ndi mapepala anga onse. Anandilanda kadi, n'kundikhazika pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, popanda wondifunsa kanthu. Pamapeto pake a Mbwana anatuluka okha. Anandibwezera kadi, nalankhula motsitsa: "Amayi ako anasoka diresi la ukwati la mkazi wanga. Pita. Koma usamandiyankhe pamaso pa anthu anga." Azimayi aja anapita pa lole ya wogula nsomba wina.

Zipangizo zinafika Lachisanu m'mawa. Che Saidi anati timanga akatuluka ku mzikiti, poti panalibe chotithamangitsa. M'mawa womwewo Esita matenda anamuyamba, ndipo Agnesi anamuperekeza kwa anamwino athu. Ine ndinkangozungulira panja ngati momwe amachitira amuna onse. Chakumasana anamwino anatuluka, anandikokera pambali. Anati, "A Matiya, mwana wagona mopingasa. Pano sitingathe. Akufunika ku chipatala chachikulu ku Boma, msanga."

Ndinatembenuka kuyang'ana galimoto ili pa miyala, yopanda matayala, amene ndinachotsa ndi manja angawa. Sindikubisirani, ndinafuna kungowabwezeretsa momwemo n'kunyamuka. Ndinafika pogwira tayala limodzi. Kenako ndinalisiya n'kuthamangira ku mzikiti.

Che Saidi ndinawapeza akusamba m'mapazi kuti alowe, atavala mkanjo woyera womwe munasoka inu. Ndinangoti, "Che Saidi, Esita." Sanadikire kuti ndimalize. Anavala nsapato mapazi ali onyowa. Titafika anavula mkanjo n'kuupachika panthambi. Anati, "Swala ndipemphera pambuyo, Mulungu akuona. Bweretsani sipanala."

Iwo anamasula pisitoni ija n'kuitsuka, ine ndikumanga kapaipi katsopano. Sipanala inandipulumuka kawiri. Kulira kwa Esita kunkamveka kudzera pawindo. Che Saidi sanakweze mutu. Anangoti, "Che Matiya, mangani bwino. Tikapupuluma timanga kawiri." Titaika mapadi mbali zonse, panatsala kutulutsa mpweya m'mapaipi, ntchito yofuna munthu woponda buleki ena ali pansi. Ansembe anakwinya mkanjo wawo n'kukwera pampando. Mukanaona, amayi, mukanaseka: Che Saidi ali chagada pamchenga akulamula, "Pondani, bambo. Gwirani. Siyani," ansembe n'kumayankha kuti "Chabwino, bwana," ngati mwana wasukulu.

Tinayala matiresi kumbuyo. Esita anagona pakati pa Agnesi ndi anamwino, atamutchingira dzuwa ndi chitenje. Asanakwere, Esita anandigwira dzanja nati, "Musathamange, bambo. Mungotifikitsa." Msewu mukuudziwa, mchenga ndi mabampu. Titapitirira Malindi, ng'ombe zinatulukira m'tchire n'kudzaza msewu. Ndinaponda. Galimoto inaima mowongoka, mwakachetechete, mphuno ya ng'ombe ili pafupi kukhudza nyali. Ndinakhala kaye ndagwira chiwongolero mpaka zonse zitadutsa. Pa mlatho ofunsa makadi ataona yunifolomu ya anamwino ndi nkhope ya Esita, anangotikodola kuti tidutse.

Ku Boma anamutengera kochita opaleshoni nthawi yomweyo. Dzuwa lisanalowe Agnesi anatuluka akulira ndi kuseka pamodzi. Amayi, muli ndi mdzukulu wamkazi. Dokotala anati tikanachedwa pang'ono tikanataya onse awiri. Esita ali bwino, chilonda chikupola, wayamba kuyenda mpaka pakhomo. Mwanayo tamutcha Dorika, dzina lanu. Dzinalo sindinasankhe ine; Esita ndiye ananena atangotsitsimuka. Ali ndi chibwano chanu, ndipo akamayamwa amakwinya pamphumi ngati pali wina wamulakwira. Che Saidi anabwera kudzamuona atatenga nkhuku. A Mbwana sanabwere, koma akazi awo anatumiza ufa ndi sopo.

Pali china chomwe ndakhala ndikuchizemba kuyambira pamwamba pa kalatayi. Pamene ndinkadikira Esita, ndinakhala pakhonde lomwe lija ndinakhala tsiku lomwe ndinabwera nanu. Ndinali ndi nthawi yoganiza. Galimoto ikangosintha mawu pang'ono ine ndimamva, ndimaima, ndimalowa pansi pake. Koma inu munakhosomola miyezi isanu, chipupa chimodzi chokha pakati pathu. Ndikafunsa munkati ndi fumbi la nsalu, ndipo ine ndinkavomera, chifukwa kuvomera kunali kosavuta. Ndinkatenga odwala a anthu ena tsiku lililonse kupita nawo ku Boma, mpando wakutsogolo uli wopanda munthu. Ndinakutengani mochedwa, amayi. Agnesi amati ndisamadziimbe mlandu, kuti ngakhale ndikanakukakamizani simukanakwera, ndipo mwina akunena zoona, paja inu simunkamva za munthu. Komabe ndinayenera kuumirira. Mundikhululukire.

Esita akangotha kuyenda mtunda, tibwera naye Dorika kuti mumuone. Ndidzamunyamula ine. Ndikulonjeza kuti tsiku limenelo ndidzaima pamutu panu n'kunena ndi pakamwa zomwe ndalemba m'ndime yapamwambayi, chifukwa papepala n'zosavuta.

Ndimakukondani, amayi. Gonani bwino.

Ine mwana wanu,
Matiya